Chithunzi cha uthenga si ndalama

Sabata yatha mayi wina wogulitsa nsapato za kaunjika pafupi ndi depoti ya Limbe adandiimitsa n'kundipatsa foni yake kuti ndione. Mayiyu akamasula belo amasankha nsapato zapamwamba, kuzitsuka, kuzijambula, n'kuziika pa gulu lake la WhatsApp ndi pa Facebook. Salemba mtengo umodzi. Amalemba poyambira, anthu n'kumapikisana mpaka 8 koloko madzulo, wakwera kuposa onse ndiye watenga. Ati njira imeneyi imamupatsa phindu loposa la pabenchi, ndipo sindikutsutsa.

Tsiku limenelo mapeya atatu adapita kwa munthu mmodzi pa K150,000. Mamawa mwake bamboyo adaimba, mawu aulemu, akuti ali pamsonkhano sangachoke, atuma wakabaza. Pasanathe mphindi zisanu adatumiza chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti ndalama yatuluka kupita kunambala ya mayiyu, dzina lake lili pomwepo. Kenako uthenga wina udalowa m'foni ya mayiyo wonena kuti walandira K150,000. Wakabaza anali atafika kale, injini ili chilirire, pabenchi pali makasitomala ena awiri akuyesa nsapato. Mayi adamanga jumbo n'kupereka. Madzulo atapita kwa ajenti kukatapa, m'foni munali K3,400 yomwe inalimo kale. Nambala ya bambo uja inali itazima.

Ndaiyang'ana nkhaniyi mbali zonse ndipo ndikuti mayiyu sadapusitsidwe chifukwa chosadziwa foni. Amaidziwa kuposa ine. Adapusitsidwa chifukwa adaphwanya lamulo lomwe pabenchi sangaliphwanye ngakhale atadwala malungo: katundu sachoka ndalama usanaiwerenge. Kasitomala atabwera pabenchi n'kukuonetsani chithunzi cha ma K5,000 ali patebulo kwawo, mungamupatse nsapato? Koma chithunzi chomwecho chikabwera pa WhatsApp timachilandira ngati ndalama.

Malonda opikisana mitengo si achilendo kwa ife. Alimi a fodya akhala akupita kuokushoni ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu kwa zaka zambiri. Kumeneko mlimi amadandaula za mitengo ndi za mabelo obwezedwa, koma sadandaula kuti wogula wathawa ndi belo osalipira, chifukwa ogula ndi odziwika, olembetsedwa, ndipo ndalama imadutsa m'manja mwa oyendetsa msika isanafike kubanki ya mlimi. Masamba akuluakulu a okushoni pa intaneti adamangidwa pamaziko omwewo. Tsamba la eBay, lomwe lidayamba ku America mu 1995, ndi la Bob Shop ku South Africa, lomwe ambiri akulidziwabe ndi dzina lakale la bidorbuy, ali ndi mkhalapakati: amasunga mbiri ya wogula ndi wogulitsa, ndipo pakavuta pamakhala kokadandaula. Okushoni yathu ya pa Facebook ndi WhatsApp ilibe zimenezi. Woitanira mitengo ndinu, mlonda ndinu, kalaliki wowerenga ndalama ndinu nomwe. Pa atatuwa amene amakonda kugona ndi kalaliki.

Tiyambe ndi iyeyo. Chithunzi cha uthenga, chija amati screenshot, mwana wa Folomu 2 akhoza kuchisintha dzina, tsiku ndi chiwerengero cha ndalama pa mphindi ziwiri. Uthenga wolowa m'foni mwanu nawo ndi wosavuta kupeka: munthu amangotenga uthenga weniweni womwe adalandirapo kale, kusintha manambala, n'kukutumizirani kuchokera pa nambala wamba. Mawu ake amafanana ndendende ndi a kampani. Mukayang'ana pamwamba mupeza kuti wachokera pa 099 kapena 088 yakutiyakuti, pomwe uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani ndipo umalowa pamndandanda womwe muli mauthenga ena akale a ndalama. Koma ngakhale zimenezi musazidalire kwathunthu. Alipo ena amabwereka foni yanu ngati akufuna kuona bwino zithunzi za katundu, n'kusunga nambala yawo m'foni mwanumo ndi dzina la kampani, kuti uthenga wawo ukafika uoneke waboma. Njira yosanama ndi imodzi yokha. Imbani nokha *211# ngati muli pa Airtel Money, *444# ngati muli pa TNM Mpamba, ikani nambala yanu yachinsinsi, muone ndalama yomwe ilimo. Ngati simukukumbukira kuti munali zingati poyamba, onani mndandanda wa zomwe zalowa posachedwa. Zimenezi sizitha mphindi imodzi. Mphindi imodziyo mayi wa ku Limbe idamudyera pafupifupi theka la mtengo wa belo.

Za kubanki n'chimodzimodzi. Wogula akati watumiza kuchokera kubanki ina ndipo ndalama ichedwa kuonekera, mwina akunena zoona, zimachedwadi nthawi zina. Ikachedwa, katundu nayenso achedwe. Cheke ndiye musachite kufunsa: kuikidwa mu akaunti si kulipidwa, chikhoza kubwerera patapita masiku, ndipo wokupatsani cheke Lachisanu masana akudziwa bwino kuti mudzazindikira iye ali kutali.

Tsono zonsezi ambiri mwa inu mukuzidziwa. Funso langa ndi lakuti, ngati tikuzidziwa, n'chifukwa chiyani tikubedwabe? Yankho langa ndi manyazi. Akuluakulu adati manyazi adapha lambe, ndipo akathyali a masiku ano mwambi umenewu amaudziwa kuposa ife. Sabwera ngati mbava. Amabwera ngati abwana a kubungwe, abusa, msilikali ali kuntchito, nesi ali pa shifiti, mayi wa mwana ali m'chipatala. Chithunzi cha pa WhatsApp n'cha banja lovala bwino patsiku la ukwati. Amakuitanani "mayi" kapena "achimwene", sakunenererani mtengo, amayamikira katundu wanu. Ndiye mukati, "Dikirani ndione kaye balansi," mawu amasintha: "Aa, mayi, mukundiyesa wakuba ine? Ndalama zochepa ngati zimenezi?" Pamenepo mtima wa Chimalawi umagwa. Tidaleredwa kuti kukayikira munthu wamkulu pamaso ndi mwano. Timaopanso kuti kasitomala wandalama akakwiya sadzabweranso.

Ine ndikuti akwiye. Wogula weniweni amene watumizadi ndalama alibe chifukwa chokwiyira, ndalama yake muipeza ndipo nkhani itha. Iyenso pogula shuga m'golosale amadikira wogulitsa aone uthenga. Amene amapsa mtima ndi mphindi imodzi ndi amene mphindiyo imuulula. Simukufunika kukangana naye kapena kumutchula wakuba. Ingonenani kuti, "Bwana, ndi lamulo langa kwa aliyense, ngakhale mchemwali wanga ndimatero." Ndipo lamulolo lilembeni pamwamba pa gulu lanu malonda asanayambe, kuti tsiku lomukana munthu musaoneke ngati mwamusankha.

Mnzake wa manyazi ndi changu. Onani nkhani zonse za anthu obedwa, mupeza wakabaza akudikira, basi ikunyamuka pompano, kondakitala akukuwa, ndege ya abwana ndi ya masana. Amasankhanso nthawi: m'mawa mukutandika katundu, kapena kumapeto kwa mwezi pabenchi pali piringupiringu. Changu chimenecho si changozi, ndi chida. Wakabaza nthawi zambiri sadziwa kanthu, wangouzidwa kuti katenge jumbo pakuti ukasiye pa filling station yakuti, ndiye kumugwira pambuyo pake sikubweza nsapato.

Pali ina yomwe yafala kwambiri moti ndimadabwa kuti ikugwirabe anthu. Mwagulitsa diresi pa K30,000, uthenga ukubwera wa K80,000, kenako foni: "Pepani ndalakwitsa, imeneyo inali ya fizi ya mwana, bwezeniko K50,000." Nthawi zambiri palibe chomwe chalowa, mukatumiza mwatumiza zanu, diresi n'kupitanso. Koma nthawi zina ndalama imakhala yalowadi, ndipo apa m'pofunika mutu. Ikhoza kukhala yobedwa kwa munthu wina, wakubayo akufuna idutse mwa inu kuti ituluke pa nambala ina yoyera. Mwini wake akakadandaula, nambala yomwe idzaoneke kuti idalandira ndi yanu. Choncho ndalama yolowa molakwika musaitumize ku nambala ina iliyonse yomwe mwauzidwa pafoni. Muuzeni wotumizayo aimbire kampani yake ya foni kuti ibweze yokha mwa njira yake, inu musaikhudze.

Yofanana nayo, yomwe ndimaiona kuti ndi yoopsa kuposa zonse chifukwa ngakhale woona balansi imamugwira, imayenda chonchi. Mwaika foni yogwiritsidwapo kale ntchito pa K400,000. Kathyali akukopera zithunzi zanu n'kuziika patsamba lina ngati zake. Wina wa ku Mzuzu akukopeka, akufunsa kolipira, kathyali akumupatsa nambala yanu. Nthawi yomweyo kathyaliyo akulankhula ndi inu ngati wogula: "Ndikutumiza pompano, mlongo wanga ndiye alipire." Ndalama ikulowadi, mwaona balansi, zonse zili bwino, mukupereka foni kwa mnyamata wotumidwa. Patatha masiku atatu munthu wa ku Mzuzu akukuimbirani kufunsa katundu wake, ndipo kupolisi dzina lomwe ali nalo ndi lanu. Chotchinga chake n'choti dzina la wotumiza ndalama lifanane ndi la munthu mukuchita naye malonda. Likasiyana, imbirani nambala yomwe yatumizayo, mufunse mwini wake kuti akulipira chiyani, kwa yani, ndipo katundu apite kuti. Mafunso atatu amenewa akathyali sawakonda.

Tibwere ku zachinyengo za mpikisano weniweniwo. Munthu mmodzi amalowa pagulu ndi manambala awiri. Yoyamba ikutchula K20,000 koyambirira, yachiwiri nthawi yomweyo ikudumphira pa K70,000 pa chinthu cha K45,000. Ogula enieni akuona kuti zakwera, akuchoka. Nthawi yotseka ikakwana, wa K70,000 wazimitsa foni, ndipo wa K20,000 akubwera mwaulemu kudzakumbutsa kuti wotsatira ndi iye. Mukakana mukuoneka wosasunga mawu pamaso pa gulu lonse. Izi zimatheka pomwe malamulo sadalembedwe. Lembani kuti mtengo uzikwera ndi ndalama zingati, kuti wopambana alipire pasanathe maola angati, ndiponso kuti akalephera katundu abwereranso pampikisano, sangogwera wotsatira. Pa katundu wodula, munthu watsopano amene simunachitepo naye malonda aike kaye kachikole. Ena adzadandaula, koma amene akufunadi chinthucho adzaika.

Palinso ena amene sabera inu mwachindunji koma amabera makasitomala anu m'dzina lanu. Amaona amene waluza pang'ono, n'kumulembera kumbali ndi chithunzi chanu: "Wopambana uja walephera, tengani inu, lipirani pa nambala iyi." Ndalama ikapita, dzina loipa limatsala ndi inu. Nambala yanu yolandirira ndalama ikhale imodzi, yolembedwa poonekera, ndipo muzibwereza kawirikawiri kuti simulandira pa ina.

Pano ndinenepo za ife tomwe, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Alipo ogulitsa amene amauza mlamu wawo kuti azikweza mitengo mwabodza kuti ogula enieni atenthedwe. Kumeneko n'kuba, ndipo pa eBay akakugwira amatha kukutsekera akaunti. Pagulu la WhatsApp palibe wokutsekera, koma anthu amaona kuti nambala yakutiyakuti imapikisana tsiku lililonse osagula kanthu. Akazindikira, gulu limafa. Simungadandaule za akathyali uku inu mukudyera mbale yomweyo.

Anzathu a ziboliboli, zojambula ndi zikwama za chitenje, a ku Nkhata Bay, Cape Maclear ndi m'matauni, ali ndi mtundu wawo wa mlendo. Amalemba Chingerezi chabwino, akuti ali ku London kapena pa sitima ya panyanja, akufuna katundu wambiri, mtengo sakunenerera, mwinanso akuonjezera. Kenako kalata ya pa email ikubwera yooneka ngati yachokera ku PayPal kapena kubanki ina yakunja, ikunena kuti ndalama yanu yafika koma yaimitsidwa mpaka mulipire kaye ya onyamula katundu, ya inshulansi kapena ya msonkho, ndipo adzakubwezerani pamodzi. Mukalipira yoyamba pakubwera yachiwiri. Chikomekome cha mkuyu. Pamalonda oona ndalama imayenda kuchoka kwa wogula kupita kwa wogulitsa. Tsiku lomwe mwauzidwa kuti mulipire kuti mulandire ndalama yanu yomwe, dziwani kuti kasitomala wasanduka ndinu.

Kwa abale athu a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain amene mumagulitsa pa masamba enieni a okushoni, msampha waukulu ndi wokutulutsani kunja. Wogula akuti, "Tisiye za tsambali, amadula ndalama zambiri, tikambirane pa WhatsApp." Zoona amadula, ndipo zimawawa. Koma ndalama imeneyo ndi yomwe mukulipira mlonda. Mukatuluka, chitetezo chonse chatsala m'mbuyo, ndipo eBay imaletsa kumene kumalizira malonda kunja. Tumizani katundu ku adiresi yokhayo yomwe ili pa oda, osati ina yomwe mwauzidwa pambuyo pake, ndipo tumizani mwa njira yokhala ndi nambala yolondolera, chifukwa wogula akanena kuti sadalandire, umboni womwe adzafune ndi umenewo. Masamba amenewa pa mkangano amakonda kumvera wogula, choncho wogulitsa wopanda mapepala waluza asanayambe.

Alipo amene amagula foni yabwino, n'kunena kuti ndi yowonongeka, n'kukubwezerani ina yakufa ya mtundu womwewo. Izi zikuchitika ku London, zikuchitikanso ku Lilongwe. Foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya IMEI, imaoneka mukaimba *#06#. Ijambuleni musanagulitse. Laputopu ndi TV zili ndi serial number kumbuyo. Nsapato kapena jekete zijambuleni kunsi, m'kati ndi pomwe pali kachilema, ndipo kachilemako kaneneni poyera potsatsa. Kubisa kang'ambiko kakang'ono n'kumupatsa wogula wachinyengo chifukwa chenicheni.

Nambala yachinsinsi sindikhalitsapo, mudamva kale. Palibe wa kampani ya foni kapena wa banki amene amaifunsa. Koma dziwaninso ya WhatsApp: wina akati wakutumizirani molakwika manambala 6 pa SMS, mumuwerengere, akufuna kulanda WhatsApp yanu. Kwa wogulitsa, kumeneko n'kulandidwa shopu pamodzi ndi makasitomala onse, ndipo usiku womwewo ayamba kuwapempha ndalama m'dzina lanu. Tsegulani two-step verification lero, ili mu Settings.

Potumiza katundu kutali, ambiri timadalira minibasi ndi mabasi chifukwa n'zotchipa. Ngati ndi choncho, jambulani phukusi, nambala ya galimoto, ndipo tengani foni ya kondakitala. Katundu wodula apite ndi makampani onyamula katundu omwe amapereka lisiti ndipo wolandira amasayina. Wogula wofuna kudzaona katundu mukumane naye masana pamalo a anthu ambiri, pafupi ndi ajenti kapena banki, osati kunyumba kwanu komwe akaonenso china chilichonse muli nacho.

Zikachitika, liwiro tsopano likhale lanu. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, ndalama isanatapidwe nthawi zina amatha kuiimitsa. Musafufute uthenga uliwonse chifukwa cha mkwiyo. Mauthenga, manambala ndi zithunzi ndiwo umboni. Pitani kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo kuba ndi foni ndi mlandu ngati kuba kwina kulikonse. Sindikulonjezani kuti ndalama ibwerera. Bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, koma akathyali amagwiritsa ntchito ziphaso za anthu ena, za agogo akumudzi kapena za wina amene adapatsidwa K2,000 kuti abwereke chake. Chifukwa chake inunso chiphaso chanu cha unzika musabwereke munthu kukalembetsera SIM, ndipo musatumize chithunzi chake kwa wogula amene akuti akufuna kutsimikiza kuti ndinu woona. Chithunzi chomwecho mawa akachionetsa kwa munthu wina ngati chake.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti obedwa ambiri amakhala chete. Amaopa kusekedwa pamsika, amaopa amuna awo kapena akazi awo, ena ndalamayo ndi ya banki m'khonde. Kukhala chete kumeneko ndi komwe kumalola nambala imodzi kubera anthu asanu mumsika umodzi sabata imodzi. Makomiti a m'misika amatolera ndalama za maliro ndi za ukhondo mosalephera. Sindikuona chowalepheretsa kukhala ndi kope kapena gulu la WhatsApp lolembamo manambala ndi njira zomwe anthu abedwera. Amene amaseka mnzawo wobedwa ndiwo akuchititsa kuti kope loterolo lisakhalepo. Pochenjeza anzanu nenani zomwe zidachitika ndi nambala yomwe idagwiritsidwa ntchito, koma musathamangire kufalitsa chithunzi cha nkhope chomwe chinali pa WhatsApp ya wakubayo, chifukwa kawirikawiri chimakhala cha munthu wosalakwa amene naye adangoberedwa chithunzi.

Mayi wa ku Limbe uja adakanena kupolisi ndipo akudikirabe. Okushoni sadasiye. Pamwamba pa gulu lake tsopano padalembedwa mizere inayi: nambala yolipirira ndi imodzi, wopambana alipire pasanathe maola atatu, dzina la wolipira lifanane ndi la wogula, wakabaza anyamuke iye ataona balansi. Adandiuza kuti makasitomala awiri akale adanyanyala, mmodzi adachita kumulembera kuti wayamba kudzimva. Nsapato zomwe amafuna awiriwo adazibwezera pampikisano Loweruka, ndipo peya imodzi idapita ndi K4,000 kuposa poyamba.